Tsitsi likukula ndithu, vuto ndi kuduka

Mayi akaleka kuthira mankhwala owongolera tsitsi, masabata oyambirira amadutsa popanda chovuta. Ikapita miyezi ingapo chipeso chimayamba kukana, ndipo akamaliza kupesa, pamapewa ndi pansi pamangoti mbwee tizidutswa ta tsitsi. Apa m'pamene pamabuka dandaulo lodziwika m'masaluni a ku Ndirande, Kawale ngakhale Chibavi: "Langa ndiye silikula." Mnzake amamuuza za mafuta a nsatsi, wina za madzi a mpunga, wapasaluni naye amati, "Asisi, magrowth achuluka, tingopanga ritachi." Ambiri amagonja pomwepo n'kuthiranso mankhwala.

Koma magrowth omwewo, tsitsi latsopano lophuka kumuzu, ndiwo umboni woti tsitsi silinaime. Mu 2001, Geneviève Loussouarn, wofufuza wa kampani ya L'Oréal ku France, anapeza kuti tsitsi la anthu a ku Africa limakula pafupifupi mamilimita 8 pamwezi, pamene la azungu limayandikira mamilimita 12. Lathu limachedwerapo, inde, komabe pachaka amenewo ndi masentimita 9 kapena 10. Ngati chaka chatha koma tsitsi lili pomwe linali, masentimita amenewo anatuluka m'mutu n'kudukira panjira. Zili ngati kuthira chimanga m'nkhokwe yobowoka pansi. Komanso tsitsi lachilengedwe limapotana n'kukwinyika likauma, mwakuti utali wake weniweni umaoneka pokhapokha mutalikoka.

Tsitsi linapangidwa ndi puloteni yotchedwa keratin, yomwe imagwirana ndi timaunyolo ta sulufule. Timaunyolo timeneti ndi timene timalipatsa mphamvu ndi kupotana kwake. Mankhwala ambiri owongolera ali ndi sodium hydroxide, soda woopsa yemwe uja amapangira sopo, ndipo olembedwa kuti no-lye ali ndi mnzake, guanidine hydroxide. Onsewa amadula timaunyolo tija, osadzalumikizikanso. Pulofesa Nonhlanhla Khumalo, dokotala wa matenda a pakhungu pa yunivesite ya Cape Town, anaonetsa mu 2010 kuti tsitsi lowongoledwa limakhala ndi cystine wochepa, yemwe ndiye mwini timaunyolo timeneti. Choncho palibe shampu kapena mafuta amene angabwezeretse tsitsi lowongoledwa kukhala lachilengedwe. Lachilengedwe ndi lokhalo likuphuka kumuzu.

Ndiye pa katsitsi kamodzi pamakhala mitundu iwiri: kumunsi lolimba ndi lopotana, kumapeto lowongoka ndi lofooka. Pamene awiriwa akumana m'pamene pamaduka. Chipeso chimatsetsereka bwino pa lowongoka, chikafika pamalirewo chimakodwa, dzanja limakoka, tsitsi n'kuti phwa. Mukafuna kudziwa chimene chikuchitika m'mutu mwanu, tolani limene lagwa muliyang'ane. Lothothoka lokha limakhala lalitali, lili ndi kamutu koyera kumuzu, ndipo n'zachibadwa kutaya 50 mpaka 100 otere patsiku. Loduka limakhala lalifupi, lopanda kamutu.

Njira yachidule yothetsera kudukaku ndiyo kumeta lonse lamankhwala n'kuyamba pa lachilengedwe lokhalokha. Kwathu kuno si chinthu chapafupi. Mayi wamkulu akatulukira atameta, a pamtondo amafunsa ngati kwagwa maliro, ena amanong'onezana za matenda. N'chifukwa chake ambiri amasankha kuyenda pang'onopang'ono, kumadula nsonga pamiyezi iwiri kapena itatu iliyonse mpaka lamankhwala litatha. Njira zonse ziwiri n'zabwino. Chimene sindigwirizana nacho ndi kukakamira nsonga zopyapyala ngati ulusi pofuna kuti tsitsi lioneke lalitali. Nsonga zotere zimakolana ndi latsopano, ndipo pozimasula lathanzi limadukira limodzi. Kudula sikufulumizitsa kukula, kumangoletsa kung'ambika kukwera m'mwamba. Gwiritsani sizasi yakuthwa, osati lezala kapena sizasi yodulira nsalu yomwe inabuntha kale.

Ntchito yaikulu ili m'manja. Tsitsi lathu ndi lophwatalala osati lobulungira, limapindikapindika, ndipo limadzimanga lokha timfundo. Mafuta amene khungu la m'mutu limatulutsa amavutika kuyenda m'mapindidwe onsewo kukafika kunsonga, motero limauma msanga, makamaka nyengo ya mwera ndi m'dzuwa la Okutobala. Musalipese louma. Linyowetseni, pakani kondishona wokwanira, ligaweni zigawo zinayi kapena zisanu ndi chimodzi. Yambani ndi zala, kenako chipeso cha mano otalikirana, kuchokera kunsonga kutsikira kumuzu. Zimatenga nthawi, ndipo ngati mukuthamangira minibasi ya m'mawa, kuli bwino kumanga duku n'kudzapesa madzulo. Tsukani kamodzi pasabata kapena pamasabata awiri, ndi shampu. Sopo wochapira zovala amaliumitsa gwa.

Mafuta ali ndi ntchito yake, koma si imene amalonda amanena. Chinyezi chimachokera kumadzi, mafuta amangochitsekera kuti chisathawe, choncho apakeni tsitsi likadali lonyowa pang'ono. A kokonati ali ndi umboni woti amalowa m'kati mwa tsitsi n'kuchepetsa kutayika kwa puloteni. A nsatsi amafewetsa, koma palibe kafukufuku wodalirika wosonyeza kuti amafulumizitsa kukula. Pogona, duku la satini limaposa la chitenje, chifukwa thonje limamwa chinyezi ndi kukhula tsitsi usiku wonse. Kuwotcha ndi chitsulo kuti latsopano lifanane ndi lakale kumafooketsa malire aja. Kumanga ndi ulusi, kumene agogo athu ankachita pakhonde, kumatambasula tsitsi popanda moto, bola osamangitsa.

Pa kumangitsa pomwepa m'pamene ndili ndi nkhawa yaikulu. Ambiri amabisa mitundu iwiri ija m'meshi kapena m'wivu. Kafukufuku wa Khumalo ndi anzake ku Langa, ku Cape Town, wofalitsidwa mu 2007, anapeza kuti pafupifupi mayi mmodzi mwa atatu alionse anali atathothoka tsitsi la m'mbali mwa chipumi chifukwa cha kukokedwa. Chiopsezo chinali chachikulu kwambiri pamene meshi yamangidwa pa tsitsi lamankhwala. Tinazolowera kumwa Panado tikachoka komangitsa n'kumati "lilowa mawa". Ululu umenewo, pamodzi ndi tiziphuphu ta m'mbali, ndi mizu ikuvulala. Muuzeni womangayo amasule pomwepo, ndalama ndi zanu. Meshi ikhale yopepuka, isapitirire miyezi iwiri, ndipo mutu upume musanamangenso. Pomasula musadzidzimuke ndi mulu wa tsitsi, ndi lija likanathothoka tsiku ndi tsiku koma linagwidwa m'maluko.

Amene akusiya mankhwala ali ndi chifukwa chinanso. Mu 2022, kafukufuku wa Sister Study ku America, wa amayi oposa 33,000, anapeza kuti owongola tsitsi koposa kanayi pachaka ankapezeka ndi khansa ya m'chiberekero mowirikiza kawiri kuposa osawongola. Imeneyi si khansa ya khomo la chiberekero yomwe yafala kuno, ndipo kafukufukuyo sanatsimikize kuti mankhwalawo ndiwo amayambitsa, koma si nkhani yoinyalanyaza.

Nthawi zina vuto limakhaladi kumuzu. Tsitsi limathothoka kwambiri pakapita miyezi iwiri mpaka inayi mayi atabereka, kapena munthu atadwala malungo aakulu, ndipo limabwerera lokha. Kuchepa kwa magazi nako kumalipyapyalitsa, apa usipa, nyemba, bonongwe, chiwindi ndi mazira zimathandiza kuposa botolo lililonse. Koma ngati pakati pa mutu pakupyapyala, pakuyabwa kapena kuwawa, kapena m'mbali mwasalala n'kuyamba kunyezimira, pitani kuchipatala mukapemphe kuonana ndi a matenda a pakhungu. Muzu ukasanduka chipsera sutulutsanso tsitsi, ndipo chimene madokotala angapulumutse ndi mizu imene ikadali yamoyo.