KAMERA ITHANDIZA WOJAMBULA NYAMA, KOMA DISO LISAGONE

Acinyamata ambiri ku Mfuwe ndi ku Livingstone amapeza ndalama mwa kujambula nyama pa nsalu ndi utoto, nagulitsa kwa alendo. Mlendo amene watha tsiku lonse akuyang'ana njobvu sangataye ndalama zake pa njobvu yopunduka. Popeza nyama ya m'thengo siimira munthu kuti aijambule, zithunzi za kamera ndizo zimathandiza pa nchito imeneyi.

Kamera imagwira zimene diso silitha kuona. Kale akatswiri a ku Ulaya anali kujambula kavalo wothamanga atatambasula miyendo kutsogolo ndi kumbuyo. M'caka ca 1878, ku California, Eadweard Muybridge anandandalika makamera pa mzere, ndipo zithunzi zake zinaonetsa kuti miyendo yonse inai imacoka pansi pamene yapindikira kunsi kwa mimba. Momwemonso zithunzi zionetsa kuti nyamalikiti poyenda amaponya miyendo iwiri ya mbali imodzi pamodzi.

Coyamba, wojambula adziwe kumene nyama ya pa cithunzi inacokera. Njobvu ya ku India ili ndi makutu ang'ono ndi kacala kamodzi pa nsonga ya citamba, pamene yathu ili ndi makutu akulu ndi tizala tiwiri. Mbidzi ya ku Luangwa ili ndi mizere yopyapyala yofika mpaka ku ziboda, yopanda mizere yotuwa imene imaoneka pa mbidzi za kum'mwera kwa Africa.

Caciwiri, kamera nayonso imanama. Ikayandikira kwambiri, mutu umakula ndipo thupi limacepa. Dzuwa la masana limadetsa mithunzi mpaka maso ndi kunsi kwa mimba zosaoneka. Motero nkwabwino kukhala ndi zithunzi zitatu kapena zinai, ca kutsogolo, ca m'mbali ndi ca kumbuyo, koma kuwala kutengedwe pa cimodzi cokha kuti mithunzi yonse igwere mbali imodzi.

Cacitatu, cithunzi cili ndi mwini wake. Wofuna kukopera cithunzi ca wina ndi kugulitsa ayambe wapempha cilolezo.

Amene sangafike ku nkhalango ayambire pa khola. Ng'ombe ndi mbuzi zimaphunzitsa mmene mafupa amapindikira ndi mmene nyama imagonera. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.