Mabungwe omwe si aboma: mphamvu zawo zimachokera kuti?

Pakati pa boma ndi munthu wamba pali magulu amene anthu amadzikhazikitsira okha: mipingo, mabungwe a ogwira ntchito, a maloya, a amayi, a atolankhani, a alimi ndi omenyera ufulu wachibadwidwe. Maguluwa salimbirana mpando. Ntchito yawo mu demokalase ndi kuyang'anira olamulira m'zaka zisanu zapakati pa zisankho, pamene wovota alibe poyankhulira. Popeza masiku ano ndalama, malonda ndi nkhani zimadutsa malire a maiko mosavuta, mabungwewa apeza abwenzi kunja, ndipo ubwenziwo wawapatsa nyonga komanso wawatchera msampha.

M'Malawi zimenezi zidaonekera poyera mu 1992. Pa 8 Malichi chaka chimenecho, m'matchalitchi a Katolika mudawerengedwa kalata ya maepiskopi yodzudzula kumanga anthu popanda mlandu, malipiro ochepa ndi kutseka anthu pakamwa. Boma la Dr Kamuzu Banda lidati kalatayo ndi youkira, ndipo lidathamangitsa m'dziko Monsignor John Roche, mmodzi mwa atsogoleri a mpingowo. Mwezi wotsatira Chakufwa Chihana, mtsogoleri wa mabungwe a ogwira ntchito, adamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe. Kale zoterezi zinkathera mumdima. Ulendo uno nkhani idafala pa mawailesi akunja, ndipo m'mwezi wa Meyi maiko opereka thandizo atakumana ku Paris adaimitsa thandizo lawo, kupatula lopulumutsa miyoyo. Popeza kulimbana kwa America ndi Soviet Union kunali kutatha, maiko a azungu analibenso chifukwa chotetezera Kamuzu. Akuluakulu a mipingo, Asilamu, maloya ndi amalonda adagwirizana m'bungwe la PAC lomwe lidakambirana ndi boma, ndipo pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 anthu pafupifupi 63 pa 100 alionse adasankha zipani zambiri. Kukakamiza kwa kunja kudagwira ntchito chifukwa mkati munali kale anthu olimba mtima, okhala ndi owatsatira m'midzi.

Njira yomweyo idabwerezedwa. Mu Julayi 2002 bilu yofuna kuchotsa malire a materemu a pulezidenti idagwa m'Nyumba ya Malamulo, mipingo ndi mabungwe ataikana mwamphamvu. Mu 2019 bungwe lomenyera ufulu wachibadwidwe la HRDC lidatsogolera kwa miyezi ingapo zionetsero zotsutsa momwe chisankho cha chaka chimenecho chidayendera, ndipo pa 3 Febuluwale 2020 khothi lidafafaniza zotsatira za chisankho cha pulezidenti.

Vuto lina ndi lakuti zinthu zambiri zokhudza moyo wa wovota zimagamulidwa kutali ndi iye. Mtengo wa fodya, wa feteleza ndi wa mafuta umadalira misika yakunja. Mu Novembala 2023 kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti pamene boma linkafuna ngongole ku IMF, bungwe lomwe palibe Mmalawi amene amalivotera. Apa mabungwe a dziko limodzi sangathe kanthu paokha, n'chifukwa chake amalumikizana ndi anzawo akunja. Kampeni ya Jubilee 2000 idasonkhanitsa masiginecha oposa 20 miliyoni padziko lonse, kupempha kuti maiko osauka akhululukidwe ngongole, ndipo Malawi idakhululukidwa gawo lalikulu la ngongole zake zakunja mu 2006. Ku South Africa, bungwe la Treatment Action Campaign ndi abwenzi ake akunja adachititsa manyazi makampani 39 opanga mankhwala mpaka adathetsa mlandu wawo wotsutsana ndi boma mu Epulo 2001, ndipo chimenecho chidathandiza kutsegula njira ya ma ARV otsika mtengo.

Msampha uli pa ndalama. Mabungwe ambiri a m'mizinda alibe mamembala osonkha kanthu. Amadalira thandizo la kunja, choncho malipoti awo amapita kwa wopereka ndalama, osati kwa anthu amene amati akuwayankhulira. Nkhani imene opereka thandizo akuikonda chaka chimenecho ndiyo imadzaza misonkhano ya m'mahotela. Olamulira amapezerapo mpata: nthawi ya zionetsero za pa 20 Julayi 2011, pamene anthu pafupifupi 20 adaphedwa, boma la Bingu wa Mutharika linkanena kuti mabungwe akutumidwa ndi akunja. Chinanso chochotsa chikhulupiriro n'chakuti ena mwa atsogoleri a mabungwe amangoti zii akapatsidwa maudindo m'boma latsopano.

Lamulo loyendetsa mabungwewa lidasinthidwa mu 2022 pofuna kukhwimitsa kaperekedwe ka malipoti a chuma chawo ku bungwe la boma, ndipo mkangano sunathe ngati cholinga chake ndi chilungamo kapena kuwamanga manja. Kenaka mu 2025 boma la America lidadula thandizo lambiri lodzera ku USAID, ndipo ntchito za mabungwe ambiri zidaima. Amene adagwedezeka pang'ono ndi okhala ndi mizu pansi, monga mipingo yodalira chopereka cha akhristu ake ndi mabungwe amene mamembala awo amasonkha mwezi ndi mwezi.