Chifukwa chake sukulu ya Spelman idatenga dzina la kuchikazi

Sukulu yaukachenjede ya Spelman, yomwe ili mumzinda wa Atlanta m'dziko la America, idakula ndi ndalama za mpondamatiki wa malonda a mafuta, a John D. Rockefeller, koma dzina lake ndi la kwawo kwa akazi awo, mayi Laura Spelman.

Mayiwa adabadwa m'chaka cha 1839 ku Wadsworth m'chigawo cha Ohio. Bambo awo, a Harvey Buel Spelman, adali munthu wamalonda wodana kwambiri ndi ukapolo. Iwo pamodzi ndi akazi awo, mayi Lucy, ankathandiza akapolo othawa kuchokera kummwera kuti akafike ku Canada, ngakhale malamulo a nthawiyo ankalanga aliyense wochita zimenezi.

Mayi Laura adali mphunzitsi mumzinda wa Cleveland asadakwatiwe mu 1864. Chuma chochuluka chija chidawapeza ali kale pabanja, pakuti kampani ya Standard Oil idakhazikitsidwa mu 1870.

Mu 1884 banjali lidakayendera sukuluyi, yomwe inkaphunzitsa amayi ndi atsikana achikuda, ndipo a Rockefeller adabweza ngongole ya malo ake. Chaka chomwecho idatchedwa Spelman polemekeza mayiwa ndi makolo awo.

Mayi Laura adamwalira mu 1915.