Werengani Malangizo Musanaike Pulogalamu Yoyesera

M'makompyuta ambiri timapezamo mapulogalamu otchedwa shareware. Amenewa munthu amaloledwa kuyamba wawayesa ndi kugawirako anzake, kenako n'kulipira ngati akufuna kupitiriza nawo. Mwachitsanzo, WinRAR imapereka masiku 40 oyesera.

Dzinali linatchuka mu 1983 ndi Bob Wallace wa ku America, amene anapanga PC-Write. Anthu olipira ankawatumizira buku losindikizidwa la malangizo. Bukulo linali lofunika chifukwa pulogalamu yongopatsirana sibwera ndi wogulitsa woti tim'funse. Mphunzitsi wake ndi malangizowo basi.

Malangizo abwino amafotokoza kaikidwe ka pulogalamu, mtundu wa kompyuta yoyenera, masiku oyesera, mtengo, ndiponso zimene zimatsekedwa nthawiyo ikatha. Akasowa, wophunzira angathe kulemba ntchito yake yonse m'pulogalamu yomwe mawa idzakana kutseguka. Wopanga nayenso amaluza, pakuti palibe amene amalipira chinthu chomwe chamusokoneza.

Choncho ophunzira athu, musanaike pulogalamu, tsegulani kaye fayilo ya README. Makolo ndi a komiti, mukamagula kompyuta funsani wogulitsa kuti ndi mapulogalamu ati omwe ali oyesera chabe, ndipo adzafuna ndalama zingati.