Kuseri kwa maukwati a golide a ku India

Pa 12 July 2024, apolisi a mumzinda wa Mumbai ku India anatseka misewu ingapo chifukwa cha ukwati. Anant Ambani, mwana wotsiriza wa mpondamatiki Mukesh Ambani, mkulu wa kampani ya Reliance Industries, ankakwatira Radhika Merchant. Chikondwererocho chinali chitayamba kale mu March ku Jamnagar, kumene woimba Rihanna anasangalatsa alendo monga Bill Gates ndi Mark Zuckerberg pa phwando la masiku atatu. Kumapeto kwa May, alendo anakwezedwa sitima yapamadzi kuchoka ku Italy kupita ku France. Manyuzipepala ambiri anayerekeza kuti zonsezi zinadya madola pafupifupi 600 miliyoni.

Ambirife zithunzi za ukwatiwo tinaziona pa mafoni athu, ndipo sizinatidabwitse kwenikweni, popeza masewero a ku India analowa kale m'nyumba zathu kudzera pa wailesi yakanema. Ana athu aakazi amazidziwa zovala za akwatibwi a kumeneko, ena amatengera zithunzi zake kwa atelala. Pa chifukwa ichi, nkoyenera kuti tidziwe zimene zimabisala kuseri kwa kunyezimirako.

Ukwati waukulu wa ku India umatenga masiku angapo. Pali tsiku lodzoza akwati chikasu, tsiku lolemba maluwa a hina m'manja ndi m'mapazi a mkwatibwi, usiku wa nyimbo ndi magule, kenako gulu la akuchimuna limafika ndi ng'oma, mkwati atakwera hatchi yoyera. Mwambo uliwonse umafuna chovala chakechake. Chachikulu pa zonse ndi lehenga, siketi yaitali yotambalala yokhala ndi bulauzi lalifupi ndi mpango waukulu, kawirikawiri yofiira. Imapetedwa ndi ulusi wonyezimira ngati golide, luso lotchedwa zardozi, mwakuti imalemera makilogalamu angapo. Wosoka wotchuka Sabyasachi Mukherjee wa ku Kolkata amagulitsa chovala chimodzi pa mtengo umene banja wamba lingadyere zaka. Komabe mkwatibwi amachivala tsiku limodzi, n'kuchitsekera m'bokosi.

Manja amene amapanga zovalazi ambiri ndi a Asilamu anzathu. Oluka nsalu za silika za ku Varanasi komanso opeta zardozi a ku Lucknow ochuluka ndi Asilamu, ndipo amawerama pa nsalu imodzi kwa masabata kapena miyezi, malipiro awo ali kachigawo kakang'ono ka mtengo wake. Pamwamba pa chovala pamabwera golide wa m'khosi, m'makutu, pamphuno, pamphumi ndi m'mikono. India ndi China ndiwo maiko ogula golide wochuluka padziko lonse, ndipo pafupifupi theka la golide wogulidwa ku India limagulidwira maukwati.

Mu 2024, kampani yoona za chuma ya Jefferies inayerekeza kuti ku India kumachitika maukwati pakati pa 8 ndi 10 miliyoni chaka chilichonse, ndipo amadya madola 130 biliyoni. Inapezanso kuti banja wamba limawononga pa ukwati wa mwana kuwirikiza kawiri ndalama zimene linalipira pa maphunziro ake onse. Ife amene timaphunzitsa ana, mfundo imeneyi imatilasa mtima.

Tisanamizire olemera mlandu umene alibe. Maukwatiwa amapatsa ntchito ophika, osoka, olima maluwa ndi oimba, ndipo banja la Ambani linalipiriranso ukwati wa mabanja 50 osauka masiku ochepa ukwati wa mwana wawo usanachitike. Mpondamatiki akatha phwando amagona tulo, chuma chake chikadalipo. Wovutika ndi mlimi, mphunzitsi kapena woyendetsa basi amene amayezedwa ndi muyezo womwewo. Iyeyu ndiye amagulitsa munda ndi kukongola ndalama za katapila poopa kuti anansi angamuseke.

Katunduyu amalemera kwambiri kwa makolo a mtsikana. Pa mwambo wofala ku India, akuchikazi ndiwo amalipira gawo lalikulu la phwando, ndiponso amapereka chuma kwa akuchimuna: ndalama, golide, mipando, njinga yamoto, ngakhale galimoto. Boma linaletsa mchitidwewu ndi lamulo la 1961, koma sunathe. Akuchimuna akaona kuti alandira zochepa, mkazi amazunzidwa m'nyumba kuti akatenge zina kwawo. Malinga ndi nthambi ya boma yosunga chiwerengero cha milandu, akazi 6,450 anafa mu 2022 mokha pa milandu yokhudza chuma chimenechi. Mantha a ngongole ya ukwati anali chimodzi mwa zifukwa zimene zinachititsa mabanja ena kuchotsa mimba akadziwa kuti mwana ndi wamkazi, mpaka mu 1994 boma linaletsa madokotala kuulula ngati mwana wam'mimba ndi wamwamuna kapena wamkazi.

Wina angaganize kuti awa ndi mavuto a anthu a zipembedzo zina. Ayi ndithu. Kalembera wa 2011 anapeza Asilamu 172 miliyoni ku India, ndipo ambiri a iwo anatengera mwambowu, n'kuutcha jahez. Mu February 2021, mtsikana wina Msilamu wa ku Ahmedabad anadziponya mumtsinje wa Sabarmati atajambula uthenga wotsanzika, ndipo makolo ake anadandaula kuti ankazunzidwa pa nkhani ya chuma cha ukwati. Imfa yakeyo inagwedeza dziko lonse. Patapita masabata ochepa, bungwe la All India Muslim Personal Law Board linayamba kulimbikitsa Asilamu kulonjeza kuti adzamanga ndowa mumzikiti mopanda zochulukitsa ndi kukana jahez. Ku Jammu ndi Kashmir, dera la Asilamu ambiri, boma linali litalamula kale mu 2017 kuti alendo asapose 500 pa ukwati wa mwana wamkazi ndi 400 pa wa mwana wamwamuna.

Chomvetsa chisoni nchakuti Chisilamu chinaongola kale nkhaniyi. Mu Surah An-Nisa, mwamuna ndiye akulamulidwa kupereka mahari, ndipo mahariwo ndi a mkazi mwini, osati a bambo ake kapena amalume ake. Surah Al-A'raf ikutiloleza kudya ndi kumwa koma ikuletsa kupyola malire, pamene Surah Al-Isra ikuyerekeza osakaza chuma ndi abale a Satana. Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) anauza Abdur Rahman bin Awf, yemwe anadzakhala mmodzi wa amalonda olemera a ku Madina, kuti achite walima ngakhale ndi nkhosa imodzi. Mwamuna wina wosauka anamutuma kukafuna ngakhale mphete yachitsulo, ndipo itasowa anamumangitsa ndowa ndi ma Surah amene ankawadziwa pamtima. Pamene Ali ankakwatira Fatima, mwana wa Mtumiki weniweniyo, mahari anachokera pa chovala chake cha kunkhondo. Hadith imadzudzulanso walima imene olemera amaitanidwa, osauka n'kusiyidwa panja.

Chisilamu sichidana ndi chisangalalo. Mkwatibwi akongoletsedwe, alembedwe hina, abale adye mpunga ndi nyama, ndowa ilengezedwe poyera. Chimene chikuletsedwa ndi kuchita phwando pofuna kuti anthu atione, ndi ndalama zimene tilibe.

Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kuno kunyanja tilibe jahez, koma mbewu yake yayamba kumera. Chinkhoswe chasanduka ukwati wachiwiri, pawonjezekanso phwando lotsanzika mkwatibwi, holo yalendi, magalimoto andondondo ndi madiresi osintha katatu. Msodzi amapinyolitsa ukonde, mayi amalowa ngongole ku banki mkhonde, mnyamata amakhalitsa ku Joni zaka zingapo akusaka ndalama za tsiku limodzi. Achinyamata ena, poona kuti ndowa yakwera mtengo, amangolowana popanda Shehe kapena ankhoswe. Tikakweza mtengo wa halali, timatsitsa mtengo wa haramu.

Tikupempha makolo ndi ankhoswe kuti pokambirana za ukwati ayambe ndi mafunso atatu. Kodi mahari ndi oti mnyamata angakwanitse, ndipo afika m'manja mwa mkazi mwini? Kodi walima ichitika popanda ngongole? Kodi anawa akagona pati ndipo adzadya chiyani mwezi wotsatira? Ndalama zimene zikanapita ku holo zigule malata, makina osokera kapena zimalizitse sukulu ya mkwatibwi. Nafenso Mashehe tiyambe ndi ana athu omwe, pakuti ulaliki wa Lachisanu sungamveke ngati ukwati wa kunyumba kwathu ukuutsutsa Loweruka.

Allah adalitse mabanja a ana athu, awaikire chikondi ndi chifundo pakati pawo, ndipo atiteteze ku ngongole ndi kudzionetsera.