Khungu la mwana wanu silofunika kukonza

Amayi anzanga a ku Utale, mukafika pamsika wa pa Balaka mumaona timabotolo ndi timachubu ta mafuta oyeretsa khungu tili mbwee pamabenchi. Ena mwa ogula ndi atsikana ongotha msinkhu. Ena ndi amayi oti angobereka kumene, amene akuopa kuti bambo a kunyumba ayamba kuyang'ana kwina. Onsewa anauzidwapo kuti thupi lawo likuperewera penapake.

Kuda kwa khungu kumachokera ku chinthu chotchedwa melanin, chimene thupi limapanga lokha kuti chizititchinjiriza ku dzuwa. Kuno kwathu kotentha, kumene mumakhala tsiku lonse m'munda wa thonje kapena wa nandolo, chitetezo chimenechi n'chamtengo wapatali. Mafuta oyeretsa khungu amalimbana ndi chitetezo chomwechi.

Ambiri mwa mafutawa amakhala ndi chimodzi mwa zinthu zitatu. Choyamba ndi hydroquinone. Poyamba nkhope imayeradi, koma mukadzola nthawi yaitali pamasaya pamatuluka mabanga akuda bii, ovuta kuchotsa. N'chifukwa chake dziko la South Africa linaletsa mankhwalawa m'mafuta odzola mu 1990.

Chachiwiri ndi ma steroid, monga clobetasol ndi betamethasone. Awa ndi mankhwala a kuchipatala, oyenera kupakidwa kwa nthawi yochepa dokotala atalamula. Mukawasandutsa mafuta a tsiku ndi tsiku, khungu limapyapyala, limang'ambika mizere, ziphuphu ndi zipere zimachuluka, ndipo bala limachedwa kupola. Taganizirani za mayi amene wabereka kudzera pa opaleshoni. Akalowa ambiri m'magazi, angathenso kuyambitsa matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi.

Chachitatu ndi mercury, imene imapezeka m'mafuta ndi m'sopo wina. Imawononga impso ndi ubongo. Kwa mayi woyembekezera imafika kwa mwana m'mimba, ndipo kwa woyamwitsa imadutsa mu mkaka wa m'mawere. Nthawi zambiri pabotolo salembapo kuti muli zimenezi.

Nanga mtsikana amayamba bwanji kudana ndi khungu lake? Tisathamangire kuloza chala Facebook ndi TikTok zokha. Mawu oyamba amawamva pakhomo. “Iwe ndiye wakuda ngati makala, watengera ndani?” “Mng'ono wakoyu ndiye woyera bwino, sadzavutika kupeza banja.” Ife timanena mocheza n'kuiwala, koma mwana amasunga. Chimodzimodzi tikamaseka mtsikana amene mawere amera msanga, kapena kumunong'oneza wochepa thupi kuti mwina akudwala. Mawere amayamba kumera pakati pa zaka 8 ndi 13, ndipo kufulumira kapena kuchedwa si chizindikiro chakuti mwana wayamba zibwenzi.

Inunso amayi, ana amamva mmene mumanenera thupi lanu. Mizere ya pamimba imabwera chifukwa khungu linatambasuka posunga mwana, ndipo imazilala pang'onopang'ono. Musamusiyitse mwana kuyamwa poopa kugwa mawere. Chimene chimasintha mawere ndi mimba yeniyeniyo ndi msinkhu, osati kuyamwitsa. Yamwitsani mwakathithi miyezi 6, ndipo pitirizani mpaka zaka 2.

Mukapeza kachubu m'chikwama cha mwana wanu, musamukalipire. Khalani naye pamphasa, mumufunse amene anamuuza kuti sakuoneka bwino. Ngati wadzola miyezi yambiri, mupite naye kuchipatala cha Utale kapena cha boma ku Balaka, mutatenga kachubuko, chifukwa kusiya ma steroid mwadzidzidzi kumatupitsa ndi kuyabwitsa nkhope, ndipo ambiri amabwereranso. Oyembekezera, mukatiuze ku sikelo zimene mumadzola. Ndipo banga lotuwa limene silimva kukhudza musalipake kalikonse: lingakhale khate, limene limachizika ndi mankhwala aulere.

Utale anadziwika chifukwa cha chipatala cha odwala khate, kumene Mpingo unalandira anthu amene abale awo ankawathawa chifukwa cha maonekedwe. Ife a pano sitiyenera kuiwala kuti ulemu wa munthu umachokera kwa Mulungu amene anamulenga. Nkhaniyi ikambeni pamsonkhano wa Amayi Achikatolika ndi m'miphakati, ndipo alangizi aionjezere pamalangizo a anamwali. Koma yambirani kwanu: mayina onyoza maonekedwe asamvekenso pakhomo panu, ngakhale ochezera.