Ng'ombe ya mkaka ilibe Lamulungu

Mkaka wa m'mapaketi umene anthu a ku Blantyre ndi Lilongwe amathira m'tiyi, wambiri umachokera m'makola a mabanja osunga ng'ombe imodzi, ziwiri kapena zitatu. Ochuluka mwa alimiwa ali ku Thyolo, Chiradzulu, Mulanje ndi madera ozungulira Blantyre, pansi pa bungwe la Shire Highlands Milk Producers Association. Ena anaipeza ng'ombe yoyamba mopatsirana: ukalandira yaikazi, ikaswa mwana wamkazi, iweyo umampereka kwa mnzako.

Ku Thyolo malo ndi ochepa, aakulu ali m'manja mwa maesiteti a tiyi. Choncho ng'ombe ya mtundu wa Friesian kapena Jersey siipita kubusa. Imangokhala m'khola, ndipo chilichonse chimene idye, munthu asenze. M'dzinja zimapepuka, nsenjere zili mbwee m'malire a munda. Koma pofika Seputembala ndi Okutobala, bambo amalawirira ndi chikwakwa kukasaka udzu m'madambo akutali, nabwerera mtolo uli panjinga. Amene sanasunge mapesi ndi masangwi a mtedza atakolola, amaonera m'ndowa: mkaka umangotsika tsiku ndi tsiku.

Madzi nawo ndi nkhani. Ng'ombe yokamidwa imatha kumwa malita oposa 60 patsiku kukatentha, ndipo ndowa zonsezo zimayenda pamutu pa mayi ndi ana kuchokera kumjigo. Powerengera phindu la pamwezi, thukuta limeneli palibe amalilemba m'kope.

Madeya amayendera mtengo wa chimanga. Chilala cha El Niño chitapsereza minda mu 2024, madeya anasowa m'zigayo, pakuti chaka cha njala anthu nawonso amawalimbirana. Izi zinadza kwacha itangogwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zimene zinakweza mankhwala ophera nkhupakupa ndi a njoka za m'mimba, poti amachokera kunja. Chikhalirecho mtengo wa lita sauika mlimi. Amauika ndi makampani ogula, ndipo ndalama zimabwera pamwezi, pomwe ng'ombe imafuna kudya lero.

Pamalo osonkhanitsira mkaka, monga pa Bvumbwe kapena Goliati, chigubu chilichonse chimayesedwa. Amamiza kachipangizo koonera ngati mwathiridwa madzi, kenako amasakaniza kamkaka pang'ono ndi spiriti. Kakangopanga zibuma, basi, wasasa, bwerera nawo. Ukhoza kusasa chifukwa chigubu sichinatsukidwe bwino, bere la ng'ombe likudwala, kapena wokwera njinga anachedwa panjira dzuwa litakwera. Apa mlimi sangadandaule kwenikweni. Chowawa n'chakuti ngakhale mkaka wabwino utalowa m'thanki, magetsi akazima nthawi yaitali, dizilo wa jenereta palibe, galimoto ya kampani n'kuchedwa, mkaka wa gulu lonse umaonongeka, ndipo kawirikawiri oluza ndi alimi omwewo. N'chifukwa chake mavenda oyenda ndi zigubu sasowa wowagulitsa. Iwo amalipira pompopompo, safunsanso zambiri.

Kuluza kwina sikuoneka ndi maso. Ng'ombe ikafuna nkhunzi imalira, imakwera zinzake, ndipo nthawiyo siikwana n'komwe tsiku lathunthu. Mlimi akapanda kuzindikira, kapena wodzathira umuna akachedwa, adikirenso masiku ngati 21. Ikatenga bere, ndi miyezi 9. Zikaphonyeka kangapo, banja limadyetsa kwa miyezi yambiri ng'ombe imene yauma mkaka. Ndiye ikaswe mwana wamphongo, nkhope zimagwa pakhomo.

Nanga bwanji sazisiya? Fodya ndi chimanga zimapereka ndalama kamodzi pachaka, pomwe mkaka umalowetsa kangachepe mwezi ndi mwezi, ka fizi ndi sopo. Ndowe nazo zimapita kumunda m'malo mwa feteleza amene wakwera mtengo. Koma maliro akagwa kuchimuna kapena ukwati ukaitana ku Zomba, banja lonse silinyamuka. Wina atsale, akame m'mawa ndi madzulo.